Kasupe wa miphika ya maluwa ndi wabwino, koma tisawete udzudzu pakhomo

Akonzi,

Ndiloleni kampata mu nyuzi yathuyi ndinenepo za kanthu kena komwe ena aone ngati ndi zachibwana poti dziko lino lili ndi nkhani zikuluzikulu, za chimanga, za mafuta, za mitengo yomwe ikungokwera tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa. Koma chandilembetsa ndi manyazi. Sabata zitatu zapitazo ndinapita kwa mnzanga wa ku mvano kukaona kasupe wake wa miphika ya maluwa yemwe anapanga atatengera wanga, ndipo ndine ndemwe ndinamulangiza zonse, nde nditasuzumira mu mphika wapansiwo ndinangoti mayo ine. Timphutsi ta udzudzu tija timadzipindapinda m'madzi tinali tambirimbiri, ndikagogoda mphika tonse kuthawira pansi, pakapita kanthawi tonse kubwereranso pamwamba. Pampu yake inafa mwezi wathunthu wapitawo, iye anangosiya madzi momwemo poti miphika ikuonekabe bwino pakhonde. Pamenepo zenera la chipinda cha ana lili chapompo, masitepe atatu okha. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere ndithu.

Nde ndaona kuti poti azimayi angapo kuno kwathu ku Area 25 ndi anzanga ena a pa WhatsApp andifunsapo kapangidwe kake, ndipo ine ndimangothamangira kuwauza zokongola zokhazokha, bola ndilembe zonse bwinobwino pano, zabwino ndi zoipa zomwe.

Ine kasupe wotere ndinamuona koyamba pa loji ina ku Salima titapita ku ukwati. Miphika itatu yosanjikizana, madzi akutuluka pamwamba kumatsika pang'onopang'ono, kaphokoso kake kaja ngati ka mtsinje wa kumudzi nthawi ya Meyi madzi atayera. Ndinakhala pamenepo mpaka bambo a kunyumba kudzandikoka kuti anthu ayamba pelekanipelekani. Nditabwerera ku Lilongwe ndinakafunsa mtengo wa wopangapanga mu shopu ina, inali nthawi ija kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde mtengo omwe ananditchulirawo ndinangoseka nkutuluka. Koma m'mbali mwa misewu mu tauni muno anyamata ogulitsa maluwa ndi miphika ali mbwee, ya simenti, ya dothi, ya pulasitiki, ndipo mumtima ndinati chinthu chija si miphika yomweyi kodi?

Ndi yomweyi basi. Chinsinsi chake ndi kapampu kakang'ono kokhala m'madzi momwemo, kukula kwake ngati bokosi la machesi awiri kuphatikiza, komwe anthu amaika mu magalasi owetera nsomba. Mphika waukulu umakhala pansi, umenewo ndiye nkhokwe ya madzi, bowo lake lapansi lija lotulukira madzi a maluwa mumalitseka. Pampu mumaiika pansi pa mphikawo, kenako mumaivundikira ndi kamphika kena kozondotsa komwe mwakasema timipata m'mphepete kuti madzi azilowa ndi waya azitulukira. Kamphika kozondotsako ndi kamene kamakhala ngati mpando wa mphika wachiwiri. Kapaipi kofewa kochokera ku pampu kamadutsa pa bowo la kamphika kozondotsa, nkulowa pa bowo la mphika wachiwiri, ndipo ngati mukufuna wachitatu mumachitanso chimodzimodzi, kozondotsa kena mkati, mphika wina pamwamba. Pomwe paipi yadutsa mumamata ndi silikoni kuti madzi asamabwerere pansi kudzera pa bowo. Pampu ikayaka madzi amakwera, mphika wapamwamba umadzaza nkusefukira mu wachiwiri, wachiwiri mu waukulu, pampu nkuwatenganso omwewo.

Apa mpomwe pali nkhani ya mayi anga. Anabwera kuchokera ku Ntchisi kudzaonana ndi adokotala, atafika pakhomo asanakhale nkomwe pansi anaima kuyang'ana kasupeyo nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, mpope wasiya chotsegula chonchi ndani? Madzi onsewa akungotayika anthu muli phee?" Munthu woti moyo wake onse wakhala akusenza ndowa kuchokera ku mjigo, simungamuuze za kukongola. Ndinayesa kufotokoza sizinamveke, mpaka ndinazula waya, madzi nkusiya, ndinachotsa miyala nkuwaonetsa kuti palibe paipi yochokera ku mpope, ndi madzi omwewa akungozungulira. Anagwira kapampu kaja m'manja akudontha madzi, kukatembenuza uku ndi uku, nkunena kuti, "Nde kameneka sikangakoke madzi pa chitsime?" Ndinati ayi amayi, kameneka mphamvu zake nzochepa. Anati, "Basi nkachabe." Koma mawa lake m'mawa ndinawapeza atakokera mpando pomwepo akumwa tiyi.

Funso lawolo ndi lomwe aneba ambiri amafunsa, kuti bilu ya madzi sikukwera? Wanga mphika wapansi umalowa ndowa ziwiri za malita 20. Zomwe zimatha ndi zouma ndi dzuwa komanso zomwe mphepo yamwaza. Mu Okutobala kukatentha kwenikweni ndimaonjezera jagi imodzi kapena awiri patsiku, mu Juni pena masiku atatu osaonjezera. Dimba la mpiru laling'ono limamwa oposa pamenepo. Nthawi ya dzinja ndimatunga a mu mgolo wa pansi pa malata. Chokhacho musathiremo madzi otsukira mbale kapena ochapira. Kamdzukulu kanga kanathiramo sopo wa ufa tsiku lina kuti akuti kasupe asambe, titatuluka panja thovu linali litafika mpaka pa kapinga, ndipo zinanditengera kutsuka katatu kuti lithe.

Tsono zolakwitsa zanga, poti safunsa anadya phula. Poyamba ndinafuna zachikhalidwe, ndinagula mitsuko ya dothi yeniyeni youmba amayi akumudzi, yokongola ndithu yofiirira ndi mawanga akuda a moto. Ndinaiwala chinthu chomwe mwana aliyense wokulira kumudzi amachidziwa, kuti madzi a mu mtsuko amazizira chifukwa mtsuko umachita thukuta. Dothi lootcha pa moto wa nkhuni limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, madzi amatuluka pang'onopang'ono nkumauma kunja, nchifukwa chake amazizira. Pa madzi akumwa zimenezo nzabwino, koma pa kasupe ndi tsoka. Ndinasiya pampu ikuyenda nkupita ku maliro ku Kasungu masiku atatu, pobwera ndinapeza pansi ponse pali chinyontho, mtsuko uli gwa, pampu itapsa. Timapampu timeneti timaziziritsidwa ndi madzi omwe tikukokawo, tikayenda popanda madzi sitichedwa kufa. Ndalama inapita chonchi.

Nde ngati mukufuna wa dothi, wapansiwo ukhale wopakidwa zonyezimira zija amaotchera limodzi mu uvuni, monga mbiya zomwe amapanga ku Dedza Pottery, apo ayi mupake mkati mwake mankhwala otchinga madzi omwe amagulitsa mu hadiweya, kapena njira yotchipa kwambiri yomwe ine ndinatsata, kulowetsa beseni la pulasitiki mkati mwa mphika waukulu kuti madzi azikhala mu beseni, mphika ungokhala chovala. Apamwambawo olo achite thukuta palibe vuto, poti akudonthera mu mzawo.

Ya simenti nayo ili ndi khalidwe lake. Ikakhala yatsopano imatulutsa laimu, madzi amachita mbuu ndipo m'mphepete mumatsala zoyera ngati mchere zomwe zimakatsekanso pampu. Muziyamba mwaiviika, kudzaza madzi, kusiya masiku angapo, kutaya, kudzazanso, mpaka madzi aziyera. Ndipo ndi yolemera, mukaika mwaika, nde sankhiranitu malo. Pansi pa mtengo wa mango ayi, ndinayesa, masamba ndi maluwa ake amagweramo tsiku lililonse. Pa dzuwa la tsiku lonse ayinso, ndele imamera msanga madzi nkusanduka obiriwira. Pomwe pamafika dzuwa la m'mawa lokha mpabwino.

Kuboola nako ndinaswa mphika umodzi. Bowo likachepa kuti paipi siikulowa musalimbane nalo ndi msomali ndi hamala ngati ine. Viikani mphikawo usiku onse, mupeze wa drill aboole ndi kachitsulo koboolera khoma, pang'onopang'ono osakanikiza, ndipo asayatse kuja imagogoda. Silikoni mukamata mpatseni tsiku lathunthu aume musanathire madzi, kupupuluma kwanga kunandibwezeretsa kawiri pa ntchito imodzi. China chomwe palibe anandiuza ndi levulo. Mphika ukapendekeka olo pang'ono chabe madzi onse amatsikira mbali imodzi, mbali inayo nkuuma. Bwerekani levulo kwa amisiri omanga, kapena ingodzazani madzi muone komwe ayambire kusefukira, nkumalowetsa tizidutswa ta matailosi pansi mpaka aziyenda mbali zonse.

Pogula pampu yang'anani manambala awiri pa bokosi. Yanga yapanoyi inalembedwa 240 L/H ndi 3m, kutanthauza kuti imakoka malita 240 pa ola ndipo ingakweze madzi mpaka mamita atatu. Koma musanamizike, manambala awiriwa sachitika nthawi imodzi. Malita 240 ndi pomwe madzi sakukwera, ndipo pa mamita atatu paja pamangofika kadontho kapena osafika nkomwe. Kasupe wanga ndi wosakwana mita imodzi nde imakwanitsa bwino mpaka ndinachita kumanga paipi ndi kawaya kuti ndichepetseko mphamvu, madzi ankadumpha kugwera kunja. Ogulitsa ambiri sadziwa zimenezi, amangoti iyi ndi yamphamvu mayi, nde muziwerenga nokha.

Pa magetsi ndiyankhule mosaseka. Magetsi a m'nyumba zathu ndi 230 volts, ndipo madzi ndi magetsi amenewo zikakumana munthu amafa. Ndaonapo pakhomo pena ekisitenshoni itayalidwa pa kapinga, polumikiza atakulunga ndi jumbo ya shuga, ana akusewera osavala nsapato pomwepo, kunja kukuchita mitambo. Zimenezo ayi chonde. Ine nditapsetsa yoyamba ija ndinagula ya 12 volts yomwe imayendera sola, kapanelo ka 20 watts ndinakakhoma pa denga la khitchini ya panja. Olo waya atasupuka mwana nkugwira m'madzi palibe choopsa. Amene mukufunabe ya magetsi a m'nyumba itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito, soketi ikhale pomwe mvula siifika, ndipo muzizula pulagi musanapise dzanja m'madzi nthawi zonse. Kudya kwake magetsi si nkhani, ya 5 watts ikamayenda maola 10 patsiku pamwezi yadya yuniti imodzi ndi theka basi, ayironi imadya zimenezo pa kusita kumodzi kwa zovala za banja lonse. Vuto ndi loti magetsi akathima pampu yaima, ndipo kuno tonse tikudziwa mmene amathimira. Ya sola nayo dzuwa likalowa imagona, kukachita mitambo imachita ulesi.

Ndipo pampu ikaima mpomwe pamabwera alendo aja ndinawapeza kwa mnzanga. Anthu amene amaonetsa zinthuzi pa YouTube ambiri ali ku maiko komwe udzudzu ukakuluma umangokanda nkuiwala. Ife kuno udzudzu ndi malungo, ndi mwana kugonekedwa m'chipatala, nde sitingangotengera zonse mmene taonera. Udzudzu umaikira mazira pa madzi odekha, ndipo kukatentha kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka ndi sabata imodzi kapena ziwiri basi. Mphutsi zake zimapumira pamwamba pa madzi, nchifukwa chake madzi oyenda ndi ogwedezeka siziwakonda. Koma kasupe wa miphika amakhala ndi malo obisika komwe madzi sagwedezeka, kuseri kwa kamphika kozondotsa kuja, m'mphepete mwa beseni, mu mbale yomwe ena amaika pansi. Anopheles, wa malungo uja woluma usiku, amakonda madzi oyera odekha, osati zithaphwi zonunkha zokha ngati mmene ambiri timaganizira. Palinso wina wa mizere yoyera m'miyendo woluma masana, Aedes, amene amakonda kwambiri madzi a m'zitini, matayala ndi miphika, ndipo mazira ake amamatirira m'mbali mwa chiwiya nkukhala amoyo miyezi olo chitauma, madzi akabwera nkuswa. Nde kungotaya madzi sikokwanira, pamafunika kukwecha ndi bulashi.

Chomwe ndinachita ine, ndipo ndi chomwe ndinaiwala kumuuza mnzanga uja, ndi kubisa madzi onse. Pamwamba pa beseni lapansi ndinayala gozi waya uja timakhoma m'mawindo, pansi pake nditaika waya wolimba woti anyamule, kenako pamwamba miyala yosalala ya kumtsinje. Madzi akatsika amalowa pakati pa miyala nkupita pansi pomwe udzudzu sungafike. Miphika yapamwamba ndinaidzaza miyala mpaka pakamwa, ndipo pa silikoni paja ndinasiya kabowo kochepetsetsa dala kuti pampu ikaima madzi onse apamwamba azitsikira pansi okha pakatha ola limodzi kapena awiri. Usiku kasupe wanga amakhala miyala yonyowa basi, palibe pomwe udzudzu ungatere. Loweruka lililonse ndimachotsa miyala, kukhuthulira madzi pa maluwa, kukwecha beseni, kutsegula kapampu nkuchotsa zinyalala pa kasiponji kake ndi mswachi wakale. Mphindi makumi atatu zimakwana. Ngati mukuona kuti Loweruka limenelo simudzalipeza, bola osayamba, dzalani maluwa mu miphikayo.

Ndipo chonde musang'ambe neti yogonamo kuti muphimbire kasupe. Maneti amene aja ali ndi mankhwala, ndipo anabwera kuti tizigonamo, zokwanira kale zomwe tikuona ena akuphera usipa ku nyanja ena kutchingira nkhuku ndi mbewu ku dimba. Jiki nayenso musathiremo ngati pakhomo pali nkhuku, galu kapena mbalame zomwe zimamwapo. Kubisa madzi kuja kumathandizanso pa ana ang'onoang'ono, mwana wongoyamba kuyenda akagwa chamutu mu ndowa kapena mphika wakuya sangathe kudzuka yekha, madzi ochepa omwewo ndi okwanira kumupha.

Pempho langa lipite kwa anyamata oumba miphika ya simenti m'mbali mwa msewu ndi amayi oumba mbiya. Inu luso muli nalo kale. Bwanji osaumbiratu miphika itatu yoyenderana, wapansi wopanda bowo komanso wopakidwa kale mkati, apamwamba a bowo la saizi ya paipi, ndi chivundikiro cha mabowo chokhazikapo miyala? Munthu azingogula nkukalumikiza pampu. Mnyamata yemwe ndimagulako miphika nditamufotokozera anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako nditamuonetsa kavidiyo pa foni anati, "Aaa mayi, izi nde zophweka, nkhani ndi pampuyo." Zoona, pampuyo ndi yomwe imavuta kupeza, ine yachiwiriyi anachita kundibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, ngakhale pano ndayamba kuziona mu mashopu ena ogulitsa za sola. Ogulitsa za sola inu, malojiwa, malo odyera ndi malo a maukwati angagule zinthu zimenezi, ndipo ndalama ingatsale kwa woumba wa konkuno mmalo moitanitsa za pulasitiki zopentedwa ngati mwala. Koma mukamagulitsa muziwauza ogulawo za udzudzu, musachite ngati ine.

Mwina wina afunsa kuti phindu lake nchiyani, sadya, sagulitsa. Ine yankho langa ndi apumbwa. Mwezi wa Okutobala masana dzuwa likuswa mtengo, amabwera awiriawiri kudzatera pa mlomo wa mphika wapamwamba, kumwa, kuviika mutu, kukupiza mapiko madzi kumwazikira uko, timba naye amadikira patali kuti akuluakulu amalize. Ndakhala mu nyumba imeneyi zaka zambiri koma sindinkadziwa kuti mu Area 25 muli mbalame zochuluka chonchi. Bambo a kunyumba omwe ankati ndikuononga ndalama pano ndi amene amandiuza kuti madzi achepa kaonjezere.

Kwa mnzanga kuja tsiku lomwelo tinakhuthulira madzi onse pa dothi louma pa dzuwa, tinakwecha miphika ndi bulashi ya waya nkuivundikira kuseri kwa nyumba. Akuti akalandira ndalama ya banki mkhonde mwezi wa mawa agula pampu ya sola, gozi waya ndamupatsa kale wotsala wanga.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe